Galimoto yamagetsi m'dziko la chisanu: nkhani yagona pa komwe kutentha kukuchokera

Ndi 7 koloko m'mawa, mwezi wa Januwale, m'tauni ya Lillehammer ku Norway. Dzuwa silituluka mpaka 9 koloko itadutsa, choncho kunja kukadali mdima wa ndiweyani, ndipo kuzizira kwafika madigiri 15 pansi pa ziro. Tiyerekeze kuti anthu awiri oyandikana nyumba ali ndi galimoto zofanana ndendende, zonse zamagetsi, zamtundu uja amati crossover, yotukuka kuposa saluni koma yosafika pa zimphona zoyenda m'thengo zija. Woyamba galimoto yake yagona yolumikizidwa ku tchaja ya pakhoma la nyumba, ndipo asanagone anaiuza kudzera pa foni kuti anyamuka 7:15. Potuluka wapeza ayezi wa pagalasi wasungunuka kale, mpando ndi chiwongolero zafunda, batire ili pa 80 peresenti monga anafunira. Wachiwiri alibe malo akeake oimikapo galimoto, yake yagona m'mbali mwa msewu. Wayamba ndi kupala ayezi ndi kapulasitiki zala zikuwawa, chogwirira chitseko chaumira, ndipo atalowa n'kuyatsa hita, nambala ya makilomita otsala yayamba kutsika asanasunthe n'komwe.

Mutawafunsa awiriwa madzulo ake kuti galimoto yamagetsi imatani m'chisanu, mayankho awo asemphana kotheratu, koma palibe amene akhale akunama. Chomwe chawasiyanitsa si galimoto. Onse anafunika kutentha, wina anakutenga ku magetsi a m'nyumba, wina anakutenga mu batire yomwe amayembekezera kuti imufikitse kuntchito.

Norway ndi malo abwino ophunzirirapo nkhaniyi chifukwa kumeneko galimoto yamagetsi inasiya kale kukhala chinthu choyeserera. Mu 2024, pa galimoto 100 zilizonse zatsopano zomwe zinagulitsidwa, pafupifupi 89 zinali zamagetsi okhaokha. Mu Seputembala chaka chomwecho, bungwe la OFV, lomwe limasunga ziwerengero za galimoto m'dzikolo, linalengeza kuti zamagetsi zapitirira za petulo m'kaundula, ngakhale kuti za dizilo zinali zikadali zambiri. Yomwe yakhala ikugulidwa kwambiri ndi Tesla Model Y, ndipo pambuyo pake pamabwera zina zamtundu womwewo monga Volkswagen ID.4, Skoda Enyaq, Volvo EX30, Toyota bZ4X ndi Nissan Ariya. Anthu akumeneko amakonda crossover pa zifukwa zomveka: imadutsa bwino m'misewu yomwe chipale chofewa chaunjikana, imakoka kangolo, ndipo imanyamula banja ndi katundu popita ku tinyumba ta kumapiri tomwe amati hytte.

Sikuti anthu a ku Norway anangodzuka tsiku lina n'kuyamba kukonda chilengedwe kuposa anzawo. Boma linachotsa misonkho yolemera pa galimoto zamagetsi, kuphatikizapo VAT ya 25 peresenti, pomwe za petulo ndi dizilo zinapitiriza kulipitsidwa mowawa. Mu 2023 VAT inabwereranso pa gawo la mtengo lopitirira 500,000 kroner, ndalama za ku Norway. Magetsi awo ambiri amachokera ku madzi, monga athu amachokera mu Shire pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, kungoti awo ndi ochuluka kwambiri ndipo sathimathima. Komanso tisamanamizane kuti dziko lonselo ndi filiji. Zoonadi ku Karasjok, kumpoto kwenikweni, kunazizirapo mpaka madigiri 51.4 pansi pa ziro mu 1886, koma anthu ambiri amakhala m'mphepete mwa nyanja komwe madzi ofunda a m'nyanjamo amachepetsa chisanu. Ku Bergen mu Januwale nthawi zambiri kumagwa mvula yozizira basi. Wokhala ku Winnipeg kapena Edmonton ku Canada amaona chisanu choopsa kuposa wa ku Oslo.

Tsopano tione chomwe chimachitika m'galimotomo. Injini ya petulo, kunena mosapsatira, ndi mbaula yokhala ndi mawilo. Pa mphamvu yonse ya mafuta omwe imawotcha, gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi ndilo limazunguza matayala. Yotsalayo imasanduka kutentha n'kutuluka kudzera mu ekizozi ndi mu redieta. M'nyengo yotentha kumeneku ndi kuwononga chabe. Koma m'chisanu kuwonongako kumasanduka mphatso, chifukwa hita imangopatutsira m'kati mwa galimoto kutentha komwe kukanatayika. N'chifukwa chake dalaivala wa galimoto ya petulo saganizako n'komwe za mtengo wa hita.

Mota yamagetsi siwononga choncho. Pafupifupi magawo 9 mwa 10 a mphamvu yomwe yalandira amapita ku mawilo, ndiye palibe zotsalira zoti muothe. Kutentha kulikonse komwe mukufuna kuyenera kugulidwa kuchokera mu batire. Ndipo batireyo, poyerekeza ndi thanki, ndi nkhokwe yaing'ono zedi. Tiwerenge ndi mayunitsi omwe timagula a magetsi a m'nyumba aja, yuniti imodzi kukhala kWh imodzi. Lita imodzi ya petulo ili ndi mphamvu pafupifupi mayunitsi 9. Crossover yamagetsi ya batire yaikulu bwino imasunga mayunitsi ngati 75, kutanthauza mphamvu yofanana ndi malita 8 ndi theka okha a petulo. Kuti imatha kuyenda makilomita oposa 400 pa kamphamvu kameneka n'chifukwa chakuti sitaya kanthu. Koma ndi chifukwa chomwechonso chimene chimachititsa kuti chilichonse chowonjezera, kaya hita, kaya mphepo yowomba kutsogolo, chionekere msanga pa nambala ya makilomita.

Hita wamba ya galimoto yamagetsi imagwira ntchito ngati ketulo: magetsi amadutsa m'chitsulo, chitsulo n'kutentha. Ikamayamba kufunditsa galimoto yomwe yagona panja, imatha kukoka 5 mpaka 7 kW, kutanthauza mayunitsi 5 mpaka 7 pa ola, mofanana ndi kuyatsa maketulo atatu nthawi imodzi. M'kati mukafunda imatsika n'kumakoka 1 kapena 2 kW yongosungira kutenthako. Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka. Tengani ulendo wa makilomita 5 opita kuntchito, wa mphindi 15 m'misewu ya m'tauni. Kuyenda kwenikweniko sikudya ndi yuniti imodzi yomwe, pomwe hita yadya yuniti ndi kota. Ndiye kuti kufunda kwadya kuposa kuyenda. Galimoto ikaima maola 8 imazizirira, pobwerera mulipiranso chimodzimodzi. Munthu woyenda maulendo afupiafupi chotere amaona ngati batire yake yatsala theka, ndipo amayamba kuganiza kuti anamugulitsa yakufa. Pomwe pa ulendo wautali, pa liwiro la makilomita 80 pa ola, mota imadya mayunitsi ngati 14 pa ola ndipo hita imangowonjezerapo limodzi ndi theka. Chodabwitsa n'chakuti kumene hita imapweteka kwambiri ndi kumene makilomita safunika kwenikweni, m'tauni, pafupi ndi kwanu.

Chachiwiri ndi batire yeniyeniyo. Imapangidwa ndi timabatire ting'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo m'kati mwa selo iliyonse muli timadzi tomwe tinthu ta lithium timasambiramo kuchoka mbali ina kupita ina. Kukazizira timadziti timalimba, monga uchi umachitira m'botolo m'mawa wa mu Juni ku Dedza, ndipo lithium amayenda mwaulesi. Batire imalephera kutulutsa mphamvu zake zonse, ndipo zina zimatsekeredwa m'katimo. Magetsiwo sanatayike, batire ikafunda amabwerera. Aliyense amene foni yake inathima yokha panja pozizira ikadali pa 20 peresenti, n'kudzayakanso atalowa m'nyumba, anaziona kale zimenezi. Mabatirewa amasangalala pa kutentha komwe munthu amasangalala nako, madigiri 20 mpaka 30, choncho galimoto zamakono zili ndi timapaipi ta madzi tozungulira batire tomwe timaifunditsa kapena kuiziziritsa. Kuifunditsa batire yolemera makilogalamu 400 kapena 500 si masewera, nakonso kumadya mayunitsi.

Zotsalazo zimakhudza galimoto iliyonse. Mpweya wozizira ndi wolemera: pa madigiri 10 pansi pa ziro umakhala wothinana ndi 11 peresenti kuposa pa madigiri 20, ndiye galimoto imavutika kuubowola, makamaka crossover yomwe nkhope yake ndi yotambalala komanso yokhala ndi bokosi la katundu padenga. Matayala a m'chisanu ndi ofewa ndipo amakoka kwambiri, mpweya wa m'matayala umatsika kukazizira, ndipo kuyenda m'chipale chosungunuka kuli ngati kupalasa njinga mumchenga. Unduna woona za mphamvu ku America umati ngakhale galimoto ya petulo imataya pafupifupi 15 peresenti ya makilomita pa lita m'tauni kukazizira kufika madigiri 7 pansi pa ziro. Kungoti mwini wake saona kwenikweni, popeza thanki ndi yaikulu ndipo kuthira mafuta n'kwa mphindi zitatu.

Nanga makilomita amatsika bwanji? Nambala yomwe ogulitsa ku Ulaya amalemba pa pepala imachokera ku muyeso wotchedwa WLTP, womwe umachitikira m'nyumba, pa madigiri 23, hita itazimitsidwa. Akulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Nambala ya WLTP m'chisanu ndi fodya wapachala. Pofuna kudziwa zenizeni, bungwe la eni galimoto ku Norway, NAF, limodzi ndi magazini yake ya Motor, amachita mayeso otchedwa El Prix. Amatenga galimoto zatsopano zambiri, kuzitchaja zonse mpaka kudzaza, n'kuziyendetsa tsiku limodzi kuchoka ku Oslo kulowera kumpoto, kudutsa Lillehammer ndi chigwa cha Gudbrandsdalen, kukwera mapiri cha ku Dombås, mpaka iliyonse itaima yokha m'mbali mwa msewu. Mu 2020 anayesa galimoto 20 ndipo pa avareji zinaperewera ndi pafupifupi 20 peresenti pa nambala ya pa pepala. Ku America, bungwe la AAA linayesa mu 2019 pa madigiri pafupifupi 7 pansi pa ziro. Hita itazimitsidwa makilomita anatsika ndi 12 peresenti yokha, itayatsidwa anatsika ndi 41 peresenti. Manambala awiriwa, 12 ndi 41, akunena nkhani yonse ya hita ija. Ndipo sakutsutsana ndi a NAF, chifukwa a NAF amayenda ulendo umodzi wautali, pomwe muyeso wa AAA unali wa kayendedwe kosakaniza ka m'tauni ndi kunja, pa galimoto za nthawi imeneyo.

Ine ndikanati munthu awerengere chonchi. Galimoto yolembedwa makilomita 500, pa chisanu chapakati muiyembekezere 350 mpaka 400. Kukazizira kupitirira madigiri 20 pansi pa ziro, pa msewu waukulu wothamanga, musadabwe kuona 300 kapena kucheperapo. Ndiye poti palibe amene amayenda mpaka ziro, komanso pa tchaja ya panjira anthu amalekezera pa 80 peresenti popeza kupitirira pamenepo kumachedwa kwambiri, mtunda weniweni pakati pa malo otchajira awiri umakhala ngati makilomita 200. Kuti timvetse, ulendo wofanana ndi wa Blantyre kupita ku Lilongwe, womwe m'chilimwe galimotoyi ikanaudula osaima, m'chisanu choopsa ufuna kupumira kamodzi, tinene cha pa Ntcheu.

Chida chomwe chasintha zinthu kwambiri ndi heat pump. Ndi filiji yotembenuzidwa. Filiji ya kukhitchini imachotsa kutentha m'kati n'kukutayira kumbuyo, n'chifukwa chake kumsana kwake kumafunda. Heat pump ya m'galimoto imatola kutentha kuchokera mu mpweya wa panja, womwe ngakhale wozizira umakhala nakobe pang'ono, komanso kuchokera ku mota ndi zida zina zamagetsi, n'kukulowetsa m'kati. Pa yuniti imodzi ya magetsi imatha kupereka kutentha kwa mayunitsi awiri kapena atatu. Nissan Leaf inayamba kukhala nayo cha mu 2013, Tesla inaibweretsa ndi Model Y mu 2020, ndipo Hyundai ndi Kia akhala akuyamikiridwa pa yawo. Koma ili ndi malire. Imathandiza kwambiri pakati pa madigiri 10 pamwamba ndi 10 pansi pa ziro. Kukazizira kupyola pamenepo, panja pamakhala palibenso chotola chambiri, ndipo galimoto imabwerera ku njira ya ketulo ija. Chochenjera nacho n'chakuti pa mitundu ina, monga ID.4 ndi Enyaq m'maiko ambiri, heat pump imagulidwa padera ngati chowonjezera. Galimoto ziwiri zooneka mofanana pa malo ogulitsira zakale zikhoza kusiyana pamenepa, ndipo wogulitsa sangakuuzeni ngati simunafunse.

Njira ina yotsika mtengo ndi yomwe eni galimotozi amaiphunzira okha chaka choyamba: kufunditsa munthu osati mpweya. Hita ya pampando ndi ya pachiwongolero zimakoka mawati makumi angapo basi, osafika ndi gawo limodzi mwa 10 la hita yaikulu. Kutsitsa hita pa madigiri 18 n'kuyatsa mpando kumapulumutsa makilomita ooneka. Koma galasi likayamba kuchita nthunzi, yatsani hita mosanyinyirika. Makilomita 10 sangafanane ndi kuona kutsogolo.

Pa kutchaja ndi pomwe chisanu chimaluma kwenikweni, ndipo anthu ambiri ogula koyamba sauzidwa. Potchaja, lithium amayenera kulowa m'kati mwa mbali ya selo yopangidwa ndi graphite, chinthu chakuda chija chimakhala m'kati mwa pensulo. Batire ikazizira, khomo lolowera limakhala ngati lachepa. Mukakankha magetsi ambiri mwachangu, lithium amene walephera kulowa amaunjikana pakhomopo n'kuuma ngati chitsulo, ndipo ameneyo sabwereranso. Batire imachepa mphamvu mpaka kalekale, ndipo zikanyanya zitsulozo zimatha kubowola chotchinga cha m'kati mwa selo. Pofuna kupewa zimenezi, kompyuta yoyang'anira batire imakana dala kulandira magetsi ambiri mpaka batire itafunda. Ndiye munthu amafika pa tchaja yolembedwa 150 kW, kulumikiza, n'kuona ikupereka 30 kapena 40. Mphindi 25 zomwe analonjezedwa zimasanduka ola lathunthu, ali khale m'galimoto kutukwana tchaja yosalakwa.

Mankhwala ake ndi kufunditsa batire musanafike. Pa galimoto zambiri, mukalemba malo otchajira pa mapu a galimoto yeniyeniyo, kompyuta imayamba kutenthetsa batire kukadali mphindi 20 mpaka 40, kapena kupitirira kukazizira kwambiri. Mukagwiritsa ntchito mapu a pa foni, nthawi zambiri galimoto sidziwa komwe mukupita ndipo sikonzekera. Zina zili ndi batani loti mudine nokha, zina zakale zilibiretu. Mu Januwale 2024 mzinda wa Chicago unazizira kupitirira madigiri 18 pansi pa ziro, ndipo zithunzi za galimoto zamagetsi zitafoola pa malo otchajira zinafalikira dziko lonse. Ambiri mwa ovutikawo anali opanda tchaja kunyumba, ena oyendetsa galimoto zahayala, omwe anafika ndi batire yozizira komanso yotsala pang'ono kutha. Aliyense anatenga nthawi yaitali, mzere unakula, ndipo odikira pamzere ankawotcha magetsi otsalawo pofunda mpaka kutheratu. Mwezi womwewo ku Norway, Sweden ndi Finland kunazizira kuposa pamenepo, koma chipwirikiti chotere sichinamveke pakati pa eni galimoto, chifukwa ambiri amatchajira kunyumba usiku ndipo chizolowezi chinakhazikika. Ndipotu kulumikiza galimoto kukhoma si kwachilendo kumeneko. Kwa zaka makumi ambiri malo oimikapo galimoto ku Finland, Sweden ndi madera ozizira a Canada akhala ndi masoketi ofunditsira injini za petulo ndi dizilo kuti zilire m'mawa.

Lamulo losavuta kwa wopanda tchaja kunyumba ndi lakuti atchaje pofika, osati ponyamuka. Madzulo, pambuyo pa ulendo, batire imakhala yofunda ndipo imalandira msanga. M'mawa imakhala ngati mwala.

Mtundu wa batire nawo uli ndi mbali yake. Ya LFP, yopangidwa ndi chitsulo ndi phosphate, ndi yotsika mtengo, yokhalitsa, ndipo imalola kudzazidwa mpaka 100 peresenti kawirikawiri, koma imamva chisanu kuposa ya NMC, yokhala ndi nickel, manganese ndi cobalt. Kawirikawiri LFP imapezeka m'galimoto zotsikirapo mtengo za batire yaing'ono. Kampani ya ku China ya CATL inalengeza mu 2025 mabatire a sodium omwe ikuti amapirira mpaka madigiri 40 pansi pa ziro, koma zimenezo n'zamawa, wogula lero asankha pakati pa ziwiri zija.

Pa kayendetsedwe, galimoto yamagetsi ili ndi zabwino zomwe otsutsa satchula. Imalira nthawi yomweyo, palibe zodikira injini kuti itenthe. Batire ili pansi, pakati pa mawilo, choncho galimoto imakhazikika pamsewu. Mota imamvera kompyuta mwachangu kuposa injini, ndiye tayala likayamba kuterereka mphamvu imachepetsedwa m'kuphethira kwa diso. Koma walira mvula walira matope. Batire yomwe ikukhazikitsa galimotoyo ndi yomwenso imaifikitsa pa matani awiri, ndipo matani awiri pa ayezi saima msanga. Kukoka ndi mawilo onse anayi kumathandiza kunyamuka ndi kukwera chitunda, sikuthandiza kuima. Ndikadakhala ndi ndalama zokwanira chimodzi chokha, ndikadasiya mota yachiwiri n'kugula matayala abwino a m'chisanu. Malamulo nawonso amatsindika pamenepo. Ku Quebec matayala a m'chisanu ndi okakamiza kuyambira 1 Disembala mpaka 15 Malichi. Ku Norway mizere ya tayala iyenera kukhala yakuya mamilimita osachepera atatu m'nyengoyi, ndipo matayala okhala ndi timisomali amaloledwa kuyambira 1 Novembala, kapena 16 Okutobala ku zigawo za kumpoto, ngakhale kuti mizinda monga Oslo, Bergen ndi Trondheim imalipiritsa owagwiritsa ntchito chifukwa cha fumbi lomwe amakumba pa tala.

Pali chinthu chimodzi chomwe chimadzidzimutsa dalaivala watsopano. Mukachotsa phazi pa moto, galimoto yamagetsi imadzigwira yokha, mota n'kusanduka jenereta yobweza magetsi mu batire. Munthu amazolowera kuyendetsa ndi phazi limodzi, osagunda buleki. Koma batire yozizira, monga taonera, siifuna kulandira magetsi, choncho pa galimoto zina m'mawa wozizira kudzigwira kuja kumachepa kapena kusowa. Mumafika pa mphambano yomwe mwazolowera, kuchotsa phazi, galimoto n'kumangopitirira. Mbali inayo, pa msewu woterera kwambiri, kudzigwira kwamphamvu kumatha kutereretsa mawilo, makamaka ngati galimoto imakoka ndi akumbuyo. Ambiri m'chisanu amatsitsa mphamvu ya kudzigwirako, pomwe galimoto ikulola, n'kubwerera ku buleki ya phazi. Zimathandizanso pa vuto lina: mabuleki osagwiritsidwa ntchito, omwe tsiku ndi tsiku akunyowa ndi madzi a mchere wothiridwa pamsewu, amachita dzimbiri. Amakaniko a kumaiko ozizira amasintha mabuleki a galimoto zamagetsi chifukwa cha dzimbiri kuposa chifukwa cha kutha.

Funso lomwe achibale amafunsa nthawi zonse ndi lakuti, nanga mutatsekeredwa pamsewu usiku wonse? Zimachitikadi. Pa 3 Januwale 2024 galimoto pafupifupi 1,000 zinakanirira m'chipale pa msewu wa E22 kum'mwera kwa Sweden, pakati pa Hörby ndi Kristianstad, ena mpaka kufika tsiku lotsatira. Ku Norway misewu yodutsa pamwamba pa mapiri, monga wa Hardangervidda ndi wa Haukelifjell, imatsekedwa mphepo ikakula, ndipo galimoto zimadikira pa chotchinga maola ambiri kuti zidutse pamzere motsogozedwa ndi chigalimoto chokankha chipale. Masamu ake ndi osavuta. Ngati mu batire mwatsala mayunitsi 40 ndipo hita ikukoka 1.5 kW, muli ndi maola oposa 24 ofunda, ndipo mukadalira mipando ndi bulangete amachuluka. Palibenso mantha a utsi wakupha womwe umalowa m'galimoto ya petulo ekizozi ikatsekedwa ndi chipale. Vuto limabwera mukafika pamzerepo ndi 10 peresenti, chifukwa palibe angakubweretsereni magetsi m'chigubu. Odziwa amatchaja kumunsi asanayambe kukwera phiri, ngakhale kompyuta ikunena kuti afika.

Tinthu ting'onoting'ono totopetsa tiliponso. Kachitseko ka potchajira kamaumira, pulagi imakanirira, zogwirira zitseko zobisika zija zimamatidwa ndi ayezi, ndipo popeza pansi pa boneti palibe injini yotentha, chipale chimakhalitsa pamenepo ndi pa nyali. Komanso galimoto yamagetsi ili ndi kabatire ka 12 volts monga ina iliyonse, ndipo ndi kameneka kamadzutsa kompyuta. Kakafa, galimoto sidzuka ngakhale batire yaikulu itadzaza. Bungwe la ADAC, lomwe limathandiza galimoto zowonongeka m'misewu ya ku Germany, limapeza chaka ndi chaka kuti kabatire kameneka ndi komwe kamatsogolera pa zifukwa zoitanidwira, pa zamagetsi ndi za petulo zomwe.

Chomwe chisanu sichichita ndi kukalambitsa batire. Malinga kompyuta ikuteteza pa nthawi yotchaja, batire yosungidwa mozizira imakalamba pang'onopang'ono kuposa yokhala pa dzuwa. Mdani weniweni ndi kutentha, ndipo amene akuganiza zoitanitsa Nissan Leaf yakale kuchokera ku Japan kuti aziyendera ku Nsanje kapena Salima adziwe kuti batire ya Leaf yakale ilibe madzi oiziziritsa. Makampani ambiri amatsimikizira batire kwa zaka 8 kapena makilomita 160,000, kuti isatsike kupyola 70 peresenti ya mphamvu yake.

Kwa abale athu okhala ku Britain, chisanu chakumeneko n'chachinyontho koma chofatsa, nthawi zambiri pamwamba pang'ono pa ziro, ndendende pomwe heat pump imagwira bwino. Vuto lawo ndi lija la mnansi wachiwiri. Nyumba zambiri za lendi ku Leeds, Manchester kapena Glasgow zilibe bwalo loimikapo galimoto, ndiye palibe pokhomera tchaja. Magetsi a kunyumba amalipira VAT ya 5 peresenti pomwe a pa tchaja za pamsewu amalipira 20, ndipo yuniti ya pa tchaja yothamanga imadula kangapo kuposa ya usiku ya kunyumba. Amene amagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, kulowa nyumba 10 kapena 12 pa tsiku, ali pa kayendedwe komwe hita imadya kwambiri: makilomita atatu, kuima theka la ola, kufunditsanso. Ngati ali ndi tchaja pakhomo, zimenezi sizivuta, mayunitsi owonjezerawo ndi otsika mtengo ndipo m'mawa uliwonse amayamba ndi batire yodzaza. Ngati alibe, ine ndingamuuze ayambe wayenda wapansi m'dera lake, awerenge matchaja omwe alipo, aone mtengo wa yuniti, afunsenso kuntchito ngati kuli soketi, asanasaine pepala la ngongole.

Ndipo akafika poona galimoto yakaleyo, apemphe kuiyesa m'mawa wozizira isanayatsidwe ndi wina aliyense. Aone kuti hita ikutenga mphindi zingati kuti galasi liyere, afunse pepala loonetsa thanzi la batire, afufuze pa nambala ya chasisi ngati ili ndi heat pump, kenako alembe malo otchajira apafupi pa mapu a galimotoyo, ayang'ane pa sikirini ngati pabwere uthenga wakuti yayamba kufunditsa batire.